Kodi bering'i yotseka ya m'habu ya njinga ingatsegulidwe n'kuikidwa girisi?

Funso: Chaka chatha ndinagula njinga ya m'mapiri ya kaunjika. Ndimakhala ku Zomba ndipo ndaipalasa dzinja lonse. Tsopano wilo la kumbuyo likulira ngati mwalowa mchenga. Makaniko atayang'ana anati habu yake ndi ya mabering'i otseka, sakonzeka, n'kungotaya basi. Mnzanga akuti ndingopoperamo WD-40. Kodi n'zoona kuti sangaikidwe girisi? Nanga ndikawatsegula sindiwononga?

Achimwene, makaniko wanuyo sananame, koma nkhaniyo sanaimalize. Bering'i yotseka imatheka kutsegula, kutsuka, kuika girisi watsopano n'kutsekanso, ndipo ndi ntchito imene ndimafuna kuti aliyense wokhala ndi njinga yotere aidziwe. Chimene girisi sangachite ndi kubwezeretsa chitsulo chomwe chadyeka kale. Choncho musanagwire chida chilichonse muyenera kudziwa kaye ngati bering'i yanuyo yangouma kapena yatheratu. Malangizo a mnzanuwo okha asiyeni. WD-40 ndi mafuta opyapyala kwambiri, amalowa pansi pa labala n'kusungunula kagirisi kamene kanatsalamo. Phokoso limayamba laleka, koma posakhalitsa limabwerera loposa kale, chifukwa tsopano chitsulo chikukhulana ndi chitsulo chinzake popanda chotchinga.

Njinga zimene ambirife tinazolowera, za kabaza ndi zonyamulira katundu, zili ndi habu ya makoni. Timipira tachitsulo timakhala tokha m'kapu, koni n'kumatipanikiza, ndipo kulimba kwake mumakusintha ndi sipanala. Kumbuyo kawirikawiri kumakhala timipira 9 mbali iliyonse, kutsogolo 10 tocheperapo. Kampani ya Shimano yagwiritsitsa njira imeneyi kwa zaka zambiri ngakhale pa mahabu ake odula, chifukwa imapirira bwino mphamvu yokankha kuchokera m'mbali. Bering'i yotseka ndi chinthu china. Ndi yofanana ndi imene ili m'mota ya magetsi kapena m'wilo la njinga yamoto: mphete yamkati, mphete yakunja, timipira pakati pake togwiridwa ndi kakhola kachitsulo kapena kapulasitiki, ndi tizivindikiro tiwiri ta labala timene amakaniko amati masilo. Yonseyo imakanikizidwira m'habu ili yathunthu. Amene anatchukitsa mahabu otere ndi Phil Wood wa ku California, yemwe anayamba kuwapanga mu 1971, ndipo lero makampani monga DT Swiss, Hope ndi Novatec amapanga otere. Ubwino wake ndi wakuti kanjira kamene timipira timayendamo kali m'bering'i momwemo, osati m'habu. Ikatha mumaichotsa n'kuika ina, habu n'kubwerera mwakale. Pa habu ya makoni, kapu ikakumbika nthawi zambiri ndiye kuti habu yonse yapita.

Pali chinthu chimodzi chimene mukachimvetsa, zina zonsezi ziziyenda zokha. Mabering'i amenewa poyambirira sanapangidwire njinga. Kufakitale amaikamo girisi wochepa dala, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mpata wa mkatimo, chifukwa amayembekeza kuti bering'iyo ikazungulira mothamanga. Mota ya magetsi wamba imazungulira pafupifupi ka 1,450 kapena ka 2,900 pa mphindi imodzi, ndipo pa liwiro lotero girisi akachuluka amatenthetsa bering'i. Tsopano tawerengani za wilo lanu. Wilo la mainchesi 26 likazungulira kamodzi limayenda mamita awiri ndi kakuti. Mukamapalasa makilomita 25 pa ola, ndiye kuti likuzungulira ka 200 kokha pa mphindi. Pamenepo palibe kutentha koti n'kuopa. Chimene chimapha bering'i ya njinga ndi madzi ndi dothi, ndipo mpata umene kufakitale anausiya wopanda girisi ndi momwe madziwo amakakhala. Silo imatchinga fumbi ndi madzi ongowazikira, koma siitchinga madzi a paipi yamphamvu ya kotsukira magalimoto, kapena habu ikamira powoloka mtsinje. Choipa n'chakuti madziwo akalowa, silo yomweyo imawakaniza kutuluka. Amakhala m'menemo milungu, dzimbiri n'kuyamba kudya kanjira ka timipira. Ndicho chifukwa bering'i ya njinga imafuna kudzazidwa girisi kuposa mmene inabwerera.

Kuti mudziwe mmene yanuyo ilili, chotsani wilo pa njinga. Kulizunguza lili pafelemu sikukuuzani zambiri, chifukwa kulemera kwa limu ndi tayala kumabisa matenda. Gwirani ekiselo ndi zala ziwiri n'kuipotoza pang'onopang'ono. Kenako chotsani tizitsekero ta kumapeto kwa ekiselo. Pa mahabu ena timangosololedwa ndi dzanja, pa ena timamasulidwa ndi sipanala za Allen, kawirikawiri za mamilimita 5, imodzi uku ina uku. Ngati mukukoka ndi pulayala, kulungani kansalu kuti mano a pulayalayo asatikande. Bering'i ikaonekera, ikani nsonga ya chala pa mphete yamkati n'kuizunguza, mbali iliyonse payokha, chifukwa kawirikawiri imodzi ndi imene yadwala, makamaka ya mbali ya tcheni.

Bering'i yabwino imayenda mosalala koma ikukana pang'ono, yosalira. Kukana kumeneko ndi girisi ndi mlomo wa silo, si vuto ayi. Youma imapepuka kwambiri, ndipo wilo lake limazungulira nthawi yaitali likulira kuti shii. Ndimaona anthu akunyadira wilo lotere, amati likuthamanga, pomwe ndi chizindikiro chakuti girisi watha. Imeneyi ndiyo nthawi yeniyeni yotsegula, ndipo bering'i yopezeka pa nthawi imeneyi imapulumuka bwinobwino. Yakufa imagwiragwira pansi pa chala, kuti gu, gu, gu, pa malo omwewo nthawi iliyonse ikazungulira, kapena mphete yamkati imagwedera mukaikankhira m'mwamba ndi pansi. Imeneyo musataye nayo girisi. Pali inanso ya pakatikati, yomveka mchenga koma yosagwedera. Imeneyo simungaiweruze musanaitsuke, ndipo malinga ndi mmene mwafotokozera, yanuyo mwina ili m'gulu limeneli.

Potsegula simufunika kuchotsa bering'i m'habu, ndipo ndikukulangizani kuti musaichotse. Poigogoda kuti ituluke mumamenya mphete yamkati, mphamvuyo n'kudutsa m'timipira, timipirato n'kusiya timaenje m'kanjira kake. Bering'i imene inalowa m'manja mwanu ili yongouma imatuluka ili yakufa. Igwireni ntchito ili m'malo mwake. Ngati njinga yanu ili ndi buleki ya disiki, chotsani kaye disikiyo n'kuiika patali, chifukwa kadontho ka girisi kapena parafini pa iyo kamapha buleki.

Pukutani kaye dothi lonse lozungulira silo kuti lisagwere mkati. Silo ndi kachitsulo kopyapyala kokutidwa ndi labala. M'mphepete mwake mwakunja munalowetsedwa m'kampata ka mphete yakunja, pomwe m'mphepete mwamkati muli kamlomo kofewa kamene kamakhudza mphete yamkati. Kamlomo kameneko ndiko kamatchinga madzi, ndipo kakang'ambika silo yatha ntchito. N'chifukwa chake ine ndimalowera kunja, ngakhale amakaniko ena amalowera mkati poti n'kofewa. Tengani singano yosokera kapena nsonga ya kampeni kopyapyala, muilowetse mopendeketsa pamene labala wakumana ndi mphete yakunja, n'kutukula pang'ono. Ikadzuka pamalo amodzi musaikakamize pomwepo. Sunthani nsongayo mozungulira, mukutukula pang'onopang'ono, mpaka silo idumphe yokha. Musalowetse nsonga mozama, mungakande kakhola ka timipira. Silo ikapindika pang'ono si imfa, iikeni pagalasi kapena pachitsulo chosalala n'kuiwongola ndi chala. Ngati bering'i yanu ili ndi chivindikiro chachitsulo chokhachokha, chimene nambala yake imathera ndi ZZ, zambiri zotere zimapindikiratu pochotsa, ndipo n'zosayenera n'komwe kukhala m'habu ya njinga yoyenda m'matope.

Tsopano yang'anani girisi amene mwamupeza, chifukwa akuuzani zambiri. Ngati wangochepa, wada kapena waumirira m'mbali, nkhani ndi yabwino. Ngati waoneka woyererako, wosakanikirana ndi madzi, mwafika pa nthawi yake. Ngati ndi wofiirira wa dzimbiri, madzi akhalitsamo ndipo mwayi wachepa. Ngati mukampaka pachala n'kuyang'ana padzuwa mukuona tinthu tonyezimira, ndi chitsulo cha bering'iyo chimenecho, ndipo yapita.

Kutsuka ndi parafini kumakwana. Petulo ndimamukana chifukwa cha moto, komanso amaumitsa manja. Pendeketsani wilo kuti bering'i yotsegulayo iyang'ane pansi pang'ono, kuti zonyansa zizituluka osati kulowera m'kati mwa habu. Poperani parafini ndi sirinji yopanda singano, zunguzani mphete yamkati ndi chala, kolopani ndi mswachi wakale, poperaninso, mpaka parafini wotuluka akhale woyera. Pomaliza thirani sipiriti kuti achotse parafini wotsalira, n'kuisiya padzuwa iume ndithu. Apa ndi pamene ambiri amafulumira. Parafini wobisala kuseri kwa timipira amasungunula girisi watsopano, ntchito yonse n'kupita pachabe. Ngati muli pafupi ndi mphepo ya kompuresa mungaumitse nayo, koma gwirani mphete yamkati kuti isazungulire. Kuizunguza ndi mphepo ili youma kumasangalatsa khutu koma kumaikanda.

Ikauma, izunguzeninso ndi chala. Chiweruzo chenicheni chili pamenepa. Bering'i yoyera, yopanda girisi, siibisa kanthu. Ikayenda mosalala, unali mchenga chabe ndipo mwaipulumutsa. Ikamagwiragwirabe, kanjira kakumbika. Mukhoza kuiika girisi n'kutseka kuti muziyendera pamene mukusaka ina, koma dziwani kuti girisiyo wangophimba phokoso, ndipo iziipiraipirabe.

Girisi woyenera ndi wa mabering'i, wolimba pakatikati, amene pachitini pake pamalembedwa NLGI 2. Girisi wamba wa mabering'i a mawilo a galimoto, wa mtundu wa lithium, amagwira bwino. Woposa ndi wosamva madzi, amene amagulitsidwa kuti ndi wa maboti, makamaka wa calcium sulfonate. Girisi wogula wopimidwa m'kapepala pamsika ndimamuopa, osati chifukwa cha mtundu wake koma chifukwa amakhala pamtetete tsiku lonse fumbi likugweramo, ndiye mumakhala mukuika mchenga ndi manja anu. Oilo wa injini sakhalitsa, amatuluka pansi pa silo. Kutsuka bwino kuli ndi phindu linanso: magirisi a mitundu yosiyana ena sagwirizana, akasakanikirana amasungunuka kapena kuumirira, ndipo simungadziwe kuti kufakitale anaikamo uti.

Poika musangopaka pamwamba. Kanikizani girisi ndi chala pakati pa timipira, zunguzani mphete kuti alowe kuseri, onjezerani, zunguzaninso, mpaka asiye kumira. Dzazani mpaka afanane ndi pamwamba pa kakhola. Opikisana pa liwiro amaika wochepa kuti wilo lipepuke, koma kusiyanako n'kochepa moti inu simungakumve m'miyendo, pomwe kusiyana kwa moyo wa bering'i mudzakuona m'thumba. Pukutani silo, muibwezere mbali ya malemba ili kunja, n'kuikanikiza ndi zala mozungulira mpaka ilowe m'kampata kake ponseponse. Yendetsani chikhadabo m'mphepete kuti mumve ngati pali pamene patukuka. Girisi wina atuluka, ndipo apitiriza kutuluka masiku oyamba, muzingopukuta. Musanabwezere katsekero ka ekiselo pakani girisi wopyapyala pankhope ya silo, pamene katsekeroko kadzaphimbe, kuti madzi akumane kaye ndi iyeyo. Wotulukira panja m'pukuteni, amaitana fumbi.

Popeza vuto lanu lili kumbuyo, musaiwale chigawo chimene chimanyamula masipuloketi, chija chimalira kuti tche tche tche mukasiya kupalasa. M'kati mwake mumakhala mabering'i enanso, kawirikawiri awiri, ndipo nthawi zina phokoso limachokera mmenemo. Pochisolola chitani pang'onopang'ono, pansi mutayala nsalu, chifukwa muli timano ndi timasipuling'i timene tikadumpha simungatipezenso. Pa timano timeneti musaike girisi wolimba uja. Amatimatirira, timalephera kudzuka, ndipo tsiku lina mukuponda mwamphamvu pokwera phiri pedulo imangopita yokha. Pamenepa pamafunika oilo kapena girisi wopyapyala kwambiri, wongonyowetsa.

Kwa munthu wopalasa m'dzinja, ntchitoyi ndi ya kawiri pachaka: mu October mvula isanayambe, kuti madzi akapeze mpata wonse uli wodzaza, ndi mu April kapena May itatha, kuti muchotse amene analowa. Tsiku limene habu yamira m'madzi musadikire kalendala.

Tsopano tinene kuti yanuyo yafa. Nambala yake yalembedwa pasilo, ndipo ndiyo mupite nayo kusitolo, osati dzina la njinga. 6902 ndi ya mamilimita 15 mkati, 28 kunja, 7 m'lifupi. 6903 ndi 17, 30 ndi 7. 6802 ndi 15, 24 ndi 5, pomwe 6803 ndi 17, 26 ndi 5. Mahabu otsikirapo mtengo ambiri amalowa 6000, ya 10, 26 ndi 8, kapena 6001, ya 12, 28 ndi 8. Makampani ena, monga SKF, amalemba 61902 pamene ena alemba 6902, koma ndi chinthu chimodzi. Chenjerani ndi 15267, imene ndi 15, 26 ndi 7: poyang'ana ndi maso imafanana ndi 6902, koma kunja imachepa ndi mamilimita awiri. Malemba akafufutika, yezani ndi veniya, chida choyezera kukula kwa tizitsulo mu mamilimita. Malemba otsatira nambala nawonso ali ndi ntchito. 2RS ndiye kuti labala mbali zonse ziwiri, ndipo ndi imene mukufuna. LLU ndi silo yogwira mwamphamvu, yabwino m'matope, pomwe LLB imangokhudza pang'ono ndipo imalowa madzi msanga. C3 ili ndi mpata wokulirapo mkati, choncho ngati pali yopanda C3 sankhani imeneyo. Zolembedwa MAX zilibe kakhola, zadzaza timipira tokhatokha, ndipo zinapangidwira malo ongogwedera uku ndi uku, osati wilo. Za ceramic, zimene timipira take sitachitsulo, musataye nazo ndalama.

M'masitolo a zipangizo za galimoto ndi njinga zamoto mumapezeka mosavuta manambala onenepa monga 6201 ndi 6202, koma opyapyala oyamba ndi 68 kapena 69 amavuta, ndiye funsani kwa ogulitsa mabering'i a makina. Mukapeza gulani awiri. Dzina lalikulu pabokosi lisakupusitseni, chifukwa mabering'i achinyengo olembedwa maina a makampani otchuka ali ponseponse padziko. Mtengo ukatsika modabwitsa, kaikirani.

Pochotsa yakufa, yang'anani kaye mmene habu yanu inapangidwira. Pa ena ekiselo ili ndi mapewa, ndipo mukaigogoda kumapeto mutatsamiritsa kathabwa, imatuluka itakankha bering'i ya mbali inayo. Pa ena pakati pa mabering'i awiri pali kapaipi kotayirira. Kakankhireni pambali kuti mupeze mphepete mwa mphete yamkati, n'kumagogoda ndi kachitsulo pang'onopang'ono, uku kamodzi uku kamodzi, kuti bering'i ituluke mowongoka. Habu ndi ya aluminiyamu, yofewa kuposa bering'i, ndipo ikatuluka mopendama imakulitsa malo ake. Ikakanirira thirani madzi otentha pahabu, chifukwa aluminiyamu imafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo. Mahabu ena a DT Swiss ali ndi nati yapadera yotchinga bering'i ya mbali ya tcheni, ndipo imeneyo imafuna chida chakechake. Musailimbane ndi tchizulo.

Polowetsa yatsopano lamulo ndi limodzi: mphamvu ipite pa mphete yakunja yokha, chifukwa ndiyo ikulowa mothina. Mukakankha mphete yamkati kapena silo, mwaipha isanayende n'komwe. Hamala ikeni pansi. Pezani bauti yaitali yodutsa m'habu, mawashala akuluakulu, nati, ndi soketi imene mlomo wake ukukhala ndendende pa mphete yakunja. Bering'i yakale ija imathanso kugwira ntchito ya soketi. Pukutani malo ake, pakani girisi pang'ono, khazikani bering'i mowongoka, n'kumamanga nati pang'onopang'ono mukuyang'ana mbali zonse. Ikayamba kupendama masulani n'kuyambiranso. Ikafika pansi mumva nati ikulimba mwadzidzidzi, ndipo pamenepo lekani. Kapaipi ka pakati kaja musakaiwale. Ndiko kamagwira mphete zamkati kuti zisafinyikire mkati mukamanga wilo pafelemu, ndipo popanda iko bering'i yatsopano siichedwa kufa. Ngati mwamanga zonse n'kupeza ekiselo ikulimba pomwe bering'i payokha inali yosalala, kawirikawiri ndiye kuti imodzi sinafike pansi, kapena tizitsekero mwatimanga mopitirira. Mahabu ena ali ndi kamphete kosinthira kulimba: mangani mpaka kugwedera kuthe basi, osapitirira, chifukwa bering'i ya mtundu umenewu siipirira kufinyidwa m'mbali monga imachitira ya makoni.

Pa njinga ya kaunjika pali chinthu chinanso choyenera kuyang'ana, chifukwa simudziwa kuti inadutsa m'manja angati. Ngati bering'i yatsopano ikungolowa ndi chala popanda kuthina, malo ake m'habu anakula kale, ndipo wilo lizigwederabe ngakhale mutaika yodula. Amakaniko ena amakhoma timaenje ndi msomali m'malomo kuti igwire, koma zimenezi zimaipendeketsa ndipo sizikhalitsa. Mpata ukakhala wochepa, mankhwala omatira mabering'i monga Loctite 641 amathandiza, mutatsuka malowo ndi sipiriti kuti pasakhale girisi, ndipo bering'iyo imadzathekabe kuchotsa mtsogolo. Mpata ukakhala woti bering'i ikugwedera yokha m'malo mwake, pamafunika habu ina, ndipo wilo lilukidwenso masipoko.